Za Akasinja Ang'onoang'ono ndi Muyeso Wace



M'midzi yathu ya m'tsinde mwa mapiri a Mafinga mwana sasowa nchito ya manja. Atola waya, zitsekerero za mabotolo ndi malegeni, nakhala pamthunzi kufikira galimoto yace itayenda. Tsono masiku ano zithunzi za nkhondo zifika ndi lamya za m'manja, ndipo mwana aumba cimene maso ace aona. Nanga kholo likapeza kasinja wa dongo pakhonde, licite ciani? Limphwanye kodi? Iai; tiyambe tamva za nchito imeneyi.

Kumaiko akutali kuli anthu akulu, ena a imvi ndithu, amene apanga tizifanizo ta magalimoto a nkhondo. Agula tizidutswa ta pulasitiki m'bokosi, natilumikiza ndi ulimbo, natipaka utoto, nalembapo ngakhale matope ndi dzimbiri. Lamulo lao lalikuru ndilo muyeso. Ambiri atsata muyeso wa 1:35, umene kampani ya Tamiya ya ku Japan inauwanditsa. Tanthauzo lace ndi ili: ciwalo ciri conse ca kacifanizo cicepe ka 35 poyerekeza ndi ceniceni.

Pa 24 February 2022 asilikari a Russia analowa m'dziko la Ukraine, ndipo mbali zonse ziwiri zinamenyana ndi kasinja wochedwa T-72. Kulemera kwace kuposa matani 40, thupi lace litalika pafupifupi mamita 7, ndipo m'kati mwace mukhala amuna 3. Mukagawa mamita 7 ndi 35 mupeza masentimita 20, ndiwo utali wa kacifanizo. Munthu wa msinkhu wa masentimita 175 asanduka masentimita 5, ngati cala cacing'ono. M'nthawi ya nkhondo yomweyo kampani ya ICM ya mumzinda wa Kyiv inaturutsa kacifanizo ka Kozak-2, galimoto yacitsulo yonyamula asilikari a kwao.

Onani tsono phindu loyamba. Mwana wofuna kuti kasinja wace afanane ndi weniweni ayenera kuyesa, kugawa ndi kupirira. Nzeru yomweyi ndiyo ya mmisiri wa matabwa ndi womanga nyumba. Cifukwa cace mpatseni cingwe ndi rula, ndipo ayese njinga ya atate ace kapena ngolo ya ng'ombe, nagawe zonse ndi 10. M'mera mpoyamba.

Koma muyeso woona suiwala munthu, ndipo apa ndipo pali udindo wa makolo. Kasinja wa dongo alibe mwazi. Salira, sasiya ana amasiye. Mwana akamuumba wopanda anthu m'kati adzayesa kuti nkhondo ndi masewera a zitsulo. Muuzeni aumbe ndi amuna atatu aja, nimumfunse kuti: Awa ali ndi amao kodi? Adzabwerera kwao?

Ife a cigawo cino sitisowa copfunzitsira. Pa 9 September 1914 Ajeremani ndi Angerezi anamenyana ku Karonga, ndipo mseu wa Stevenson, wocokera kunyanja kudzera pa Fort Hill, pamene lero tichula Chitipa, unali pafupi ndi malire a adani. M'nkhondo imeneyo magalimoto anali owerengeka. Akatundu anayenda pamitu ya amtengatenga. Amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza cakudya ndi zipolopolo, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi nthenda m'njira. Ngakhale m'masiku athu, m'mwezi wa January 2025, asilikari 3 a Malawi anaphedwa kum'mawa kwa dziko la Congo pa nkhondo yolimbana ndi gulu la M23. Maliro ao analiridwa m'nyumba zonga zathu.

Potero musamlande mwana waya wace, kapena kumseka. Khalani naye pamphasa madzulo, muyese naye pamodzi, nimumsimbire za makolo amene anasenza katundu wa nkhondo ya eni. Akatha kasinja, mpempheni apangenso galimoto yonyamula odwala ndi mzere wa amtengatenga, onse pa muyeso umodzi. Pamenepo cifanizo cace cidzanena zoona, ndipo iye adzakula ndi manja aluso ndi mtima wodziwa mtengo wace wa moyo wa munthu.

Tsalani bwino nonse.