Masamu amene amagamula mudzi wopeza netiweki

Kwa Kaphuka, m'boma la Dedza, nyumba ziwiri zimatha kukhala pamtunda woitanizana, koma kwina foni n'kumalira bwinobwino, kwina mwini wake n'kumakwera pachulu kuti alandire ndalama zochokera ku Joni. Ambiri amangoti ndi mwayi. Komatu mlanduwu umagamulidwa pakompyuta, dzenje la nsanja lisanakumbidwe n'komwe.

Foni imalankhula ndi nsanja kudzera m'mafunde a wailesi. James Clerk Maxwell wa ku Scotland ndiye analemba masamu a kayendedwe ka mafundewa mu 1865, koma pakakhala mapiri ndi zigwa, masamuwo sasovedwa ndi cholembera. Mu 1966 Kane Yee anatulukira njira yoduladula malo m'timabokosi, kompyuta n'kumawerengera mphamvu ya magetsi ndi ya maginito m'kabokosi kalikonse, kamphindi ndi kamphindi, mpaka funde litadutsa. Njirayi, yotchedwa FDTD, ndi imene opanga mafoni amayesera mlongoti wobisika m'kati mwa foni.

Koma kuphiri njirayi imakanika. Funde la 900 MHz ndi lotalika masentimita 33, choncho kabokosi kamayenera kukhala ka masentimita atatu okha. Sikweya kilomita imodzi imadya timabokosi topitirira 1 biliyoni, ndipo umenewo ndi mzere wapansi wokha. Nanga dera lonse la mfumu yaikulu?

N'chifukwa chake mainjiniya amadzera njira zachidule. Ya Longley-Rice, ya mu 1968, imaona kukwera ndi kutsika kwa nthaka kuchokera pansanja kukafika pamudzi, n'kuwerengera mmene funde limafookera likamapinda pamsana pa phiri. Kutalika kwa mapiriwo nthawi zambiri amakutenga pamapu amene chombo cha Endeavour chinajambula chili mumlengalenga mu February 2000. Ina, ya Okumura-Hata, inachokera pa zimene anayeza ku Tokyo.

Apa ndi pamene ndimadandaula. Tokyo si Dedza. Mapu ojambulidwa kumwamba sadziwa kuti mitengo ya paini ya ku Chongoni yakula bwanji kuchokera nthawi imeneyo, kapena kuti masamba onyowa m'dzinja amafooketsa mafunde. Kompyuta ikhoza kupaka mudzi utoto wosonyeza kuti netiweki ilipo, chonsecho mayi woyembekezera akulephera kuitana ambulansi. Masamuwo amawongoka pokhapokha munthu atayenda ndi chipangizo m'zigwamo, n'kuyeza.

Luso limeneli lilipo m'dziko muno. Mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, pamodzi ndi bungwe la MACRA, anatumiza intaneti ku Zomba pa mafunde a wailesi yakanema amene ankangokhala. Mafunde otsikawa amapinda bwino kuseri kwa mapiri kusiyana ndi a Wi-Fi.

Pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, MACRA ili ndi thumba la Universal Service Fund lofikitsira netiweki kumidzi. Gawo lina la ndalamazo lilipire ophunzira a uinjiniya kuti akayeze mafunde m'zigwa za kwa Kaphuka, nyengo yamvula ndi yachilimwe yomwe, asanasankhe pokaima nsanja ina.