Chotupa chachoka, koma chithandizo sichinathe

Khansa ya m'mawere ikapezeka isanakule, madokotala angathe kuchotsa chotupa chokha n'kusiya bere. Bala likapola, achibale ambiri amaganiza kuti nkhani yatha. Koma m'bere lotsalalo mungabisale timaselo ta khansa tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti ndi timene timadzutsanso matendawa.

Chitetezo choyamba chimayambira pa opaleshoni pomwepo. Dokotala amachotsa chotupacho pamodzi ndi mnofu wabwinobwino wozungulira, kenako amakaupima kulabotale. Ngati m'mphepete mwa mnofuwo mwapezeka khansa, mayiyo amafunika opaleshoni ina.

Chachiwiri ndi chithandizo cha radiotherapy, chimene ambiri amachitchula kuti kuwotcha. Sipakhala moto ayi. Makina amalozetsa mphamvu ya kuwala pa bere n'kupha timaselo totsala tija, ndipo nthawi zambiri wodwala amapita kuchipatala masiku asanu pa sabata kwa masabata angapo. Mu 2011 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa zotsatira za amayi oposa 10,000 amene anachotsedwa chotupa chokha. Pa zaka 10, khansa inabwerera mwa amayi 35 pa 100 alionse amene sanawotchedwe, pamene mwa owotchedwa inabwerera mwa 19 okha. Kwa zaka zambiri Amalawi ankalandira chithandizochi kunja, monga ku India ndi ku Zambia, ndipo m'pomveka kuti mabanja ena sakuchidziwa bwino.

Chachitatu ndi mapiritsi. Khansa zambiri za m'mawere zimakula mothandizidwa ndi mahomoni a estrogen. Mayi amene khansa yake ndi ya mtundu umenewu amapatsidwa mankhwala monga tamoxifen, omwa tsiku lililonse kwa zaka zosachepera zisanu. Apa ndi pamene ambiri amafooka, chifukwa thupi limakhala kuti lili bwino pamene mankhwalawo nthawi zina amatenthetsa thupi ndi kutulutsa thukuta. Zikatero, m'malo mongosiya, ndi bwino kukauza dokotala.

Mayiyo ayeneranso kusunga masiku okaonana ndi dokotala, kujambulitsa mawere pa nthawi yake, ndi kunena msanga akaona kachotupa katsopano kapena kusintha kwa khungu pafupi ndi chipsera. Kuyenda pansi, kupewa mowa ndi kusanenepa kwambiri kumathandizanso, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala.

Ngati mayi anu, azakhali kapena anzanu anachitidwa opaleshoni imeneyi, afunseni tsiku limene akuyenera kubwereranso kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka muwaperekeze.