ULENDO WA KU KASUPE WA BLUE SPRING

Anzathu, kasupe tonse timamudziwa. Madzi ake amatumphuka pansi, ndipo nthawi zambiri saphwa ngakhale m'chilimwe. Lero tiwerenga za kasupe wamkulu wa ku Amereka. Anthu amapita kumeneko kukagona m'mahema ndi kukasambira. Tiyerekeze kuti nafenso tili gulu limodzi, ndipo tikukonza ulendowu. Tiyambire pati?

Kasupeyu ali kuti?

Ku Amereka kuli chigawo chotchedwa Florida. Pansi pa nthaka ya Florida pali miyala ya njereza. Miyala imeneyi ili ndi mabowo ndi mapanga ambiri. Mvula ikagwa, madzi amalowa mumchenga n'kutsikira m'mabowomo. Amayenda pansi nthawi yaitali mpaka atapeza potulukira. N'chifukwa chake ku Florida kuli akasupe oposa 1,000.

Mmodzi mwa akasupewa ndi Blue Spring, pafupi ndi tauni ya Orange City. Pa sekondi imodzi amatulutsa madzi okwana malita pafupifupi 4,000. Tiwerengetse pamodzi. Chigubu chimodzi chimalowa malita 20. Ndiye kuti pa sekondi iliyonse kasupeyu angadzaze zigubu 200. Madziwo amapanga kamtsinje kosakwana kilomita imodzi, kamene kamathira mumtsinje wa St. Johns. M'chaka cha 1972 malowa anasanduka paki, kutanthauza malo amene boma la Florida limawasunga kuti akhale a anthu onse.

Choyamba: tisankhe nyengo

Madzi a Blue Spring sasintha. Chaka chonse amakhala pa madigiri pafupifupi 22, chifukwa amachokera pansi pamene dzuwa ndi chisanu sizifika. Kunja kukatentha, madziwo amamveka ozizira. Kunja kukazizira, amamveka ofunda.

Nyengo za ku Florida n'zosemphana ndi zathu. Kuno chisanu chimabwera mu Juni ndi Julayi. Kumeneko chimabwera mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ife tili pakati pa dzinja. Nthawi imeneyo mtsinje wa St. Johns umazizira, ndipo ku kasupe kumabwera alendo ena.

Alendowa ndi nyama zotchedwa manatee. Manatee ndi nyama ya m'madzi, yaikulu koma yofatsa. Kutalika kwake ndi mamita atatu, ndipo imalemera makilogalamu oposa 400. Imadya udzu wa m'madzi, ndipo imayamwitsa ana ake. Ili pachibale ndi dugong, nyama imene imapezeka kwathu kuno ku zilumba za Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane. Madzi akatsika kupyola madigiri 20, manatee imadwala, mwinanso kufa kumene. Choncho imathawira ku madzi ofunda a kasupe.

Pa chifukwa chimenechi paki ili ndi lamulo. Kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi, munthu saloledwa kusambira kapena kupalasa bwato m'kamtsinjeko. Anthu amangoyenda pa mlatho wa matabwa m'mbali mwake, n'kumaona nyamazo. Lamuloli lapindula. Mu 1970 akatswiri anawerenga ma manatee 14 okha. Mu Januwale 2024 anawerenga 932 tsiku limodzi.

Ndiye gulu lathu liyenera kugwirizana. Ngati tikufuna kuona manatee, tipite nthawi ya chisanu. Ngati tikufuna kusambira, tipite kuyambira Epulo. Tikumbukirenso kuti miyezi yotentha imakhala ndi mvula ya mabingu masana, ndipo kuyambira Juni mpaka Novembala ndi nyengo ya anamondwe.

Chachiwiri: tipezeretu malo

Pakiyi ili ndi malo 51 omangapo mahema. Malo aliwonse ali ndi tebulo, mpopi, magetsi ndi powotchera nyama. Ofuna malowa ndi ambiri. Choncho anthu amalembetseratu pa lamya kapena pa intaneti, miyezi ingapo tsiku lisanafike.

Amene sagona amalowa pa chipata chimene chimatsegulidwa 8 koloko m'mawa.   Tisananyamuke tifunsenso ngati kusambira n'kotsegula, pakuti nthawi zina amatseka madzi akasefukira kapena akamakonza magombe.

Chachitatu: tigawane ntchito

Ulendo wa gulu umayenda bwino aliyense akadziwa udindo wake. Tilembe mayina ndi ntchito papepala. Wina asunge ndalama zolowera ndi zolipira malo. Wina aone za chakudya ndi miphika. Wina atenge mahema, zofunda, nyali ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Wina aziwerenga ana, ponyamuka, polowa m'madzi ndi potuluka.

Pali zinthu ziwiri zimene zingatidabwitse. Kutola nkhuni m'paki n'koletsedwa. Nkhuni kapena makala timagula, chifukwa mtengo wogwa umawola n'kudyetsa nthaka. Chakudyanso sitisiya poyera usiku. Timachitsekera m'galimoto, pakuti m'nkhalangomo muli zimbalangondo ndi tinyama tina takuba. Nyama ikazolowera chakudya cha anthu imasiya mantha, ndipo imakhala yoopsa.

Chachinayi: m'madzi

Madzi a kasupeyu ndi oyera kwambiri, moti nsomba zimaoneka mpaka pansi. Madzi oyera amanamiza maso. Pamene pakuoneka posaya pakhoza kukhala pakuya. Komanso madziwo amayenda ndi mphamvu. Nawa malamulo athu:

Munthu asasambire yekha. Tizilowa awiriawiri.

Mwana ndi aliyense wosadziwa kusambira avale chovala choyandamitsa, ndipo wamkulu akhale naye pafupi.

Woledzera asalowe m'madzi.

Tikamva bingu, tonse tituluke msanga.

Tikayamba kunjenjemera, tituluke tikaothere dzuwa. Madzi a madigiri 22 amatha mphamvu pang'onopang'ono.

Pamene madzi amatumphukira pali phanga lakuya mamita oposa 30. Amalowamo ndi okhawo amene anaphunzira, ndipo ali ndi zipangizo zopumira.

Ku Florida kulinso ng'ona zotchedwa alligator. Tisambire pamalo ololedwa pokha, ndiponso masana. Tikaona ng'ona tituluke, tikauze alonda a paki.

Tikakumana ndi manatee tiipatse njira. Lamulo la Florida la 1978 limateteza nyamayi, ndipo kuivutitsa ndi mlandu. Sitiigwira, sitiithamangitsa, sitiipatsa chakudya.

Chachisanu: tisiye malo ali bwino

Pochoka timazimitsa moto ndi madzi. Timatola zinyalala zonse. Sitichapa kapena kutsuka mbale m'kasupe. Sitikwera pagombe paliponse, chifukwa mapazi ambiri amagumula dothi n'kudetsa madzi.

Koma mpanda wa paki sungathe kuteteza kasupe pawokha. Kumbukirani kumene madzi ake amachokera. Ndi mvula imene imagwa m'minda ndi m'matauni, kutali ndi paki. Feteleza wochuluka ndi zonyansa za m'maenje a zimbudzi zimalowa pansi pamodzi ndi mvulayo, n'kukatulukira ku kasupe. Zikatero ndere zimachuluka, ndipo udzu wa m'madzi umafa. Matauni akamapopa madzi ambiri a pansi, akasupe amachepa mphamvu. Mavuto amenewa akhudza akasupe ambiri a ku Florida. Mu 2016 boma la Florida linakhazikitsa lamulo loteteza akasupe akuluakulu ndi madzi a pansi, ndipo Blue Spring ali m'gulu limenelo.

Apa m'pamene nkhani ya kutali ikukumana ndi mudzi wathu. Nthaka yathunso imamwa zimene timataya. Chimbudzi chokumbidwa kumtunda, pafupi ndi kasupe kapena chitsime, chimatumiza matenda m'madzi amene ana athu amamwa. Ku Blue Spring anthu anagawa nthawi: miyezi ina ya manatee, miyezi ina ya osambira. Ifenso tingathe kugawa malo: potunga pakhale pake, pochapa pakhale kumunsi, pomwera ziweto pakhale kumunsi kwenikweni.

Tikambirane

1. N'chifukwa chiyani madzi a Blue Spring sasintha chaka chonse?
2. Ndi miyezi iti imene anthu saloledwa kusambira? Chifukwa chiyani?
3. Kasupe akadzaza zigubu 200 pa sekondi imodzi, angadzaze zingati pa masekondi 10?
4. Lembani zinthu zisanu zimene gulu liyenera kutenga pa ulendo wokagona.
5. Pitani ku kasupe kapena chitsime cha m'mudzi mwanu. Werengani mapazi kuchokera pamenepo kukafika pa chimbudzi chapafupi. Mubwere ndi yankho mawa.