Namwino Watsopano wa ku Fiyeta: Kukonzekera Mayeso Olowera Ntchito

Chaka ndi chaka, mabanja a kuno kunsi kwa mapiri, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mua ndi Mtakataka, amatumiza ana awo ku sukulu za unamwino monga ku Nkhoma, ku Nguludi, ku Phalombe kapena ku yunivesite ya KUHeS. Makolo amagulitsa mbuzi ndi mpunga kuti fizi ikwane. Koma satifiketi ikabwera, ulendo umakhala usanathe, pakuti malo a ntchito ndi ochepa pamene ofunsira ndi ochuluka. Pano tifotokoza zimene namwino watsopano wofuna kutumikira m'chipinda cha opaleshoni, chimene ambiri amachitcha fiyeta, ayenera kukonzekera asanakaonekere pamaso pa omufunsa mafunso. Tikupempha akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati kuti uthengawu aufikitse kwa achinyamata amene ukuwakhudza.

Mapepala akhale m'malo

Palibe amene amaloledwa kugwira ntchito ya unamwino m'Malawi asanalembetsedwe ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Choncho chiphaso cha bungweli ndicho chiyenera kukhala pamwamba pa mapepala onse. Pambuyo pake pabwere satifiketi ya ku koleji, ya MSCE, chiphaso cha unzika, ndi mayina a anthu amene angachitire umboni za khalidwe lanu, makamaka mphunzitsi kapena namwino wamkulu amene anakuonani mukugwira ntchito. Tengani mapepala enieniwo pamodzi ndi makope ake. Ngati muli ndi buku limene munkalembamo maopaleshoni amene munathandizapo muli pa sukulu, musalisiye, pakuti ndi mboni yoposa pakamwa.

Tichenjezenso kuti ntchito sigulidwa. Munthu akakuimbirani lamya kuti mutumize ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda, dziwani kuti mwina ndi wakuba, kapena akukukokerani mu mlandu wa ziphuphu.

Dziwani chipatala chimene mukufunsirako

Funso limene silisowa ndi lakuti: chifukwa chiyani mukufuna kugwira ntchito kuno? Woyankha kuti akungofuna ntchito wanena zoona, koma sanasiyane ndi anzake. Tiyerekeze kuti mwaitanidwa ku chipatala cha Mua. Muyenera kudziwa kuti mishoniyi inayambitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, kuti mu 1927 anatsegulapo malo osamalira odwala khate, ndiponso kuti chipatalachi chili pansi pa Dayosizi ya Dedza ndipo ndi membala wa bungwe la CHAM, limene linayamba mu 1966. Koposa mbiri, dziwani anthu ake: alimi ndi asodzi, Achewa, Angoni ndi Ayao, akhristu ndi asilamu. Dziwani kuti chipatala cha boma cha Dedza chili pamwamba pa mapiri, ndipo mayi amene walephera kuchira yekha pakati pa usiku sangadikire ulendo wokhotakhota wa ku Khwekhwelere. M'zipatala za kumidzi, opaleshoni yochitika kawirikawiri ndi yochiritsa amayi oyembekezera, ndipo apo ndi apo amabwera ovulala pa ngozi za pa msewu wa M5. Wofunsira ntchito amene waonetsa kuti akudziwa izi, waonetsanso kuti sadzathawa kutentha kwa kuno pakangotha miyezi iwiri.

Mafunso a ntchito yeniyeni

Mu fiyeta mumakhala anamwino a mitundu iwiri. Wina amasamba m'manja mpaka m'zigongono, navala mkanjo ndi magolovesi opanda tizilombo, ndipo ndiye amapatsira dokotala zida. Winayo sakhudza zidazo: amabweretsa zofunika, amalemba zonse, ndipo amayang'anira chipinda. Mukhale wokonzeka kufotokoza ntchito ziwirizi mwadongosolo. Mudziwenso kaphikidwe ka zida: makina a nthunzi otchedwa autoclave amapha tizilombo pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, kapena pa madigiri 134 kwa mphindi zocheperapo, ndipo phukusi lonyowa kapena long'ambika saligwiritsa ntchito.

Kuwerenga zida, singano ndi tinsalu topukutira magazi ndiwo mtima wa ntchitoyi. Anamwino awiri amawerenga mokweza opaleshoni isanayambe, asanatseke m'mimba, ndiponso potseka khungu. Omufunsa angathe kunena kuti: “Mwawerenga ndipo kansalu kamodzi kakusowa, koma dokotala akufulumira kusoka. Mutani?” Yankho ndi limodzi. Muuzeni dokotalayo mwaulemu koma momveka bwino, muwerengenso, mufufuze pabala, pansi ndi m'ndowa, ndipo kakapanda kupezeka wodwala ajambulidwe ngati makina alipo, nkhaniyo ilembedwe. Apa akuyesa ngati mungalankhule kwa wamkulu pamene moyo wa munthu uli pachiswe.

Werenganinso za mndandanda wa chitetezo pa opaleshoni umene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2008. Uli ndi mfundo 19, zogawidwa patatu: wodwala asanagonetsedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndi wodwala asanatuluke mu fiyeta. Gulu lonse limatsimikiza dzina la wodwala, malo ochitidwa opaleshoni, chilolezo chake, ndi magazi amene angataye. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, wochitika m'zipatala 8 kuphatikizapo cha St Francis ku Ifakara m'dziko la Tanzania, anapeza kuti imfa zinatsika kuchoka pa odwala 15 kufika pa 8 mwa 1,000 alionse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mndandandawu ndi njira yochititsa mitu yonse kusenzera pamodzi.

Angakufunseninso zimene mungachite mutadzibaya ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito. Tsukani pamalopo ndi madzi ndi sopo, nenani kwa wamkulu nthawi yomweyo, ndipo ngati kuli kofunika yambani mankhwala oteteza ku HIV pasanathe maola 72, ndi kuwamwa kwa masiku 28.

Khalidwe limaoneka m'mayankho

Wodwala wa mu fiyeta amakhala wovula, wamantha, kenaka wogona osadziwa kanthu. Ulemu wake wonse uli m'manja mwa namwino. Pa chifukwa ichi omufunsa amafuna kumva za kusunga chinsinsi, makamaka kuno kumene namwino ndi wodwala amakumana pa msika umodzi, ndi za kufotokozera wodwala m'chilankhulo chimene akumva asanasaine kapena kudinda chala. Mukafunsidwa chimene simunachionepo, musapeke. Nenani kuti simunachichitepo, ndipo fotokozani amene mungamufunse. Safunsa anadya phula, ndipo mu fiyeta phulalo amadya ndi wodwala.

Tsiku lenilenilo

Mafunso ambiri amakhala m'Chingerezi, choncho yesezani kuyankha mokweza pamaso pa mnzanu kapena namwino wopuma ntchito wa m'dera lanu. Ngati malowo ali kutali, kagoneni pafupi, pakuti minibasi siidziwa nthawi. Valani modzilemekeza, zikhadabo zikhale zazifupi, foni ikhale yozima. Akakupatsani mpata wofunsa, funsani amene adzakuphunzitseni m'miyezi yoyamba, kagawidwe ka ntchito ya usiku, ndi za nyumba.

Kwa inu makolo, mwana akabwerako osapambana musamuchititse manyazi. Alembe mafunso amene anamuvuta adakali kuwakumbukira, awawerengenso, chiphaso chake cha unamwino achikonzetse nthawi yake isanathe, ndipo akamva za malo ena afunsirenso.