Manthongo m'Maso mwa Galu Si Ocepetsa

Inu a ku Chongwe, muziyang'ana maso a galu ndi mphaka wanu. Manthongo, kufiira kapena diso kuyera ndi zizindikiro za matenda. Ngati galu wa manthongo alinso ndi cimfine ndi cifuwa, ingakhale distemper, nthenda imene ipha tiana ta agalu. Cocinjiriza cake ndi katemera.

Musathire mcere, shuga kapena mankhwala a anthu, cifukwa diso lingafe. Pukutani ndi kansalu koviika m'madzi owiritsa amene azizira, ndipo sambani m'manja ndi sopo. Pitani naco ciwetoco kwa a vetenale ku boma, kapena ku sukulu ya Samora Machel pa UNZA. Kumeneko cibayitseninso katemera wa ciwewe, kuti ana anu akhale otetezeka.