N'chifukwa chiyani Benz sinjanja m'mabampu?

Anzanga a kusekondale, mukadzaona thalakitala yonyamula masamba a tiyi m'minda ya Satemwa ku Thyolo, yang'anani dalaivala: amangodumphadumpha pampando. Koma wokwera Mercedes-Benz S-Class mabampu otere sawamva kwenikweni. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Mathalakitala ambiri alibe masipuling'i kumatayala akumbuyo, ndiye bampu lililonse limafika kumsana. Galimoto ili nawo. Tayala likagunda mwala, sipuling'i imafinyika n'kusunga mphamvuyo. Mu 1678 Robert Hooke anafotokoza kuti sipuling'i yachitsulo imafinyika molingana ndi mphamvu yoikankha. Mu S-Class ntchitoyi imagwiridwa ndi timatumba ta mpweya.

Komatu sipuling'i imabweza zomwe yasunga. Payokha ingamanjanjitse galimoto ngati mpira. Apa m'pomwe pamafunika mashoko. M'kati mwake oyilo amakakamizidwa kudutsa timabowo ting'onoting'ono, mphamvu ija n'kusanduka kutentha.

Ine sinditenga mashoko ngati zamanyado ayi. Akatha, tayala limalumphalumpha osagwira bwino msewu, ndipo m'zitsetso zokhotakhota za ku Thyolo galimoto imachedwa kuima. Kayeseni pa kagalimoto wamba: dinikizani mwamphamvu pamwamba pa tayala limodzi n'kusiya. Kakanjanja kangapo, mashoko atha.