Kufatsa si kupusa

Ife a kuno ku Mulanje timaidziwa mvula ya mitundu iwiri. Pali chiperoni, chimene chimadza m'miyezi yozizira ndi mphepo yochokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone lomwe lidachipatsa dzina. Chimagwa mwa mawawa, mwina osamveka ndi padenga pomwe, koma chimalowa pansi ndithu, ndipo n'chifukwa chake tiyi wathu amakhalabe wobiriwira pamene kwina udzu wauma. Palinso mvula ija yobwera ndi napolo. Akuluakulu akukumbukira za mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Tonsefe tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ena mwa iwo abale athu a m'boma lino.

Sitikunena kuti ngozi zimenezo zidali chilango cha Mulungu, ayi. Tazitchula chifukwa zikutiphunzitsa chinthu chimodzi chimene timachiiwala m'nyumba zathu: madzi a chiperoni ndi madzi a napolo ndi amodzi. Chosiyana ndi kafikidwe kake. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani ya chifatso, chipatso cha Mzimu chimene mtumwi Paulo adachitchula pa Agalatiya 5:23.

Ana athu amene amawerenga Baibulo la Chingerezi amapeza pa ndimeyi mawu akuti gentleness. Mawuwa ali ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti gens, kutanthauza fuko kapena mtundu, ndipo adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Poyamba, munthu wotchedwa gentle adali wobadwira m'banja lomveka, la malo ndi antchito. Ndiko kudachokera dzina la gentleman, amene ife timati njonda. Popita kwa zaka, mawuwa adasiya kunena za kubadwa n'kuyamba kunena za khalidwe loyenera munthu wotere, ndilo kusazunza amene ali pansi pake. Lero Angerezi amawagwiritsa ntchito pa kamphepo kayeziyezi, pa chitunda chosatopetsa kukwera, pa dzanja la namwino wotsuka bala, ngakhalenso pa sopo wosalusa khungu la khanda.

Taonani kuti m'zonsezi muli chinthu chimene chikadatha kupweteka koma sichikupweteka. Mphepo imatha kusasula denga, dzanja limatha kufinya bala. Palibe amene amayamikira mwanapiye kuti wafatsira mphamba. Chifatso chimayembekezeka kwa amene ali ndi mphamvu.

Omasulira Baibulo nawo adalimbana ndi mawuwa. Paulo adalemba m'Chigriki, ndipo mawu amene adagwiritsa ntchito ndi prautes. Baibulo la King James la 1611 lidawamasulira kuti meekness, koma m'makutu a anthu a masiku ano mawu amenewo adayamba kumveka ngati akunena za munthu wonyozeka, wongovomera zilizonse. Mabaibulo a pambuyo pake, monga New International Version ya 1978, adasankha gentleness. Buku Lopatulika, limene kumasulira kwake kudatsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma ndipo lidatuluka lonse mu 1922, lidaika mawu akuti chifatso. Agriki akale ankanena mawu a muzu womwewu za kavalo wophunzitsidwa, amene mphamvu zake zonse akadali nazo koma amamvera chingwe cha mwini wake. Aristotle adaphunzitsa kuti khalidweli lili pakati pa munthu wokwiya msanga ndi munthu wosakwiya konse ngakhale choipa chikuchitika pamaso pake.

Chichewa chathu sichidasauke pa nkhaniyi. Timati ng'ombe yofatsa, ndipo tikutanthauza ng'ombe ya nyanga zake zonse imene mwana angathe kuitsogolera kudambo. Timatinso kuganiza mofatsa, kuyang'ana mofatsa, kumvetsera mofatsa, kutanthauza kuchita chinthu mosathamanga, ndi nzeru zonse zili pamalo. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho m'chinenero chathu munthu wofatsa ndi munthu watcheru, wodzigwira.

Komabe mawu okomawa tawakhotetsa m'njira ziwiri, ndipo zonse zikuononga mabanja.

Njira yoyamba ndi ya abambo. Mwamuna akamalankhula mwaulemu kwa mkazi wake, akamanyamula mwana wolira kapena kupepesa atalakwa, anzake pabawo amati adamudyetsa, kapena amati ndi wopusa. Mnyamata amakula akumva kuti chamuna ndi kukalipa, ndi kuti bambo weniweni akamalowa m'nyumba ana azithawira kuchipinda. Kenaka timadabwa kuona ana athu akubisa mimba, akubisa ngongole, akubisa matenda, kufikira zinthu zitaonongekeratu. Adzaulula bwanji kwa munthu amene amafika ngati napolo?

Njira yachiwiri ndi yoopsa koposa, chifukwa imavala chovala cha chipembedzo. Mayi akamenyedwa n'kukadandaula kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo, nthawi zina amauzidwa kuti afatse, apirire, banja ndi kupirira. Mwana wamasiye akalandidwa munda wa makolo ake amauzidwa kuti Mkhristu salimbana. Pamenepa tatenga chiphunzitso chimene chidalunjika kwa wamphamvu n'kuchisenzetsa wofooka. Woyenera kuuzidwa za chifatso ndi womenyayo. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja mu 2006, ndipo kupolisi kuli maofesi othandiza ochitiridwa nkhanza. Mayi wopita kumeneko sadataye chipatso cha Mzimu, ndipo mkulu wa mpingo womuperekeza wachita ntchito ya mbusa.

Tiyeni tione anthu awiri amene Malembo amawatcha ofatsa. Numeri 12:3 amachitira umboni Mose kuti adaposa anthu onse a m'nthawi yake pa khalidweli. Koma Mose yemweyu adapha Mwejipito n'kumukwirira mumchenga. Adali munthu wa mtima wamoto, ndipo zidatengera zaka za kuweta nkhosa ku Midiyani kuti moto umenewo ulowe m'dzanja la Mulungu. Atabwerera sadakhale wamantha. Adaima pamaso pa Farao. Koma pamene Miriamu ndi Aroni adamunyoza, sadadzibwezerere, ndipo Miriamu atagwidwa khate, Mose ndiye adamupempherera. Apa pali chilimbikitso kwa ife amene tidabadwa ndi mtima wapachala. Chifatso ndi chipatso, ndipo chipatso chimachita kukula.

Wachiwiri ndi Ambuye Yesu, amene pa Mateyu 11:29 adadzitchula yekha wofatsa. Pa Mateyu 21 tikumuona akulowa mu Yerusalemu atakwera bulu, ndipo m'mutu womwewo akugubuduza magome a osintha ndalama m'Kachisi. Sadasinthe khalidwe pakati pa chipata cha mzinda ndi bwalo la Kachisi. Adakwiyira amene adasandutsa nyumba ya pemphero kukhala msika, ndipo atangotero akhungu ndi opunduka adadza kwa Iye momwemo, nawachiritsa. Koma pamene adamulavulira ndi kumumenya Iye mwini, sadabwezere. Ife timachita mosemphana. Akatinyoza ife timalusa ngati njuchi, koma mnansi akamazunza mwana timati si nkhani yathu.

Kumtunda kwa Bondo, m'mphepete mwa phiri lathu, anthu adapatutsa ena mwa madzi a mtsinje wa Lichenya, kuwalowetsa m'ngalande ndi m'mapaipi kuti azungulize makina opanga magetsi. Mtsinje umene ukasefukira umakokolola milatho ndi womwewo umene wayatsa nyale m'nyumba ndi m'masukulu a m'deralo. Mphamvu ya madzi sidachepe. Yangopatsidwa njira. Mzimu Woyera akalowa mwa munthu waukali samusandutsa chitsa. Amamukumbira ngalande, kuti ukali umene unkagwera mkazi ndi ana uyambe kugwira ntchito yoteteza ndi kumanga.

Tingaphunzirenso kwa othyola tiyi, ntchito imene yadyetsa mabanja a kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Manja awo ndi olimba, ozolowera khasu ndi nkhwangwa, koma pothyola amatenga masamba awiri anthete ndi nsonga yake, osafinya, poti tsamba lofinyika limaonongeka lisadafike kufakitale. Amadziwa kuti chimene agwiracho n'chamtengo wake ndiponso n'chosalimba. Mtima wa mwana ndi wotero. Mtima wa munthu wogwa m'tchimo ndi woteronso.

N'chifukwa chake Paulo, atangomaliza kutchula chipatso cha Mzimu, adapita msanga pa nkhani ya mbale wolakwa. Pa Agalatiya 6:1 akulamula kuti wotereyu abwezedwe mofatsa, ndipo wobwezayo adziyang'anire yekha kuti naye angagwe. Mawu amene adagwiritsa ntchito ponena za kubweza ndi omwewo amene Marko adalemba ponena za asodzi osoka makoka awo. Wosoka khoka sang'amba pamene pang'ambika kale. Tidzifunse ngati mipingo: mtsikana akatenga mimba ya pathengo, kodi chilango chathu chimamusoka kapena chimamung'amba? Nanga amene adamupatsa mimbayo timamuitana ndi changu chomwecho? Ambiri amene adasiya kupemphera sadakane Mulungu. Adathawa kalankhulidwe kathu.

Abale ndi alongo, chifatso sichiyesedwa Lamulungu m'mawa titavala zoyera, pamene aliyense akumwetulira. Chimayesedwa madzulo a tsiku la ntchito, ndalama zitatha mwezi usadathe, ndiwo zitapserera, mwana atabwera ndi zotsatira zoipa za mayeso. Chimayesedwa pa foni, pamene chala chafuna kutumiza uthenga woluma pa gulu la WhatsApp la banja. Miyambo 15:1 imatikumbutsa kuti yankho lofewa limazimitsa ukali pamene mawu olasa amausonkhezera, ndipo makolo athu adachenjeza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Sabata ino aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi amene ali pansi pa mphamvu zake: mwana, mkazi, wantchito wa pakhomo, wophunzira, kholo lokalamba limene layamba kuiwala. Tisaleke kudzudzula pamene pafunika kudzudzula, pakuti kulekerera choipa si chikondi. Koma tisanatsegule pakamwa tifunse ngati mawu athu alowe pansi n'kumeretsa, kapena akokolole nthaka ndi mbewu zomwe. Ndipo ngati tidalankhula kale mokokolola, njira yobwerera ndi yaifupi ngakhale ili yowawa: kupita kwa munthuyo, kukhala pansi, ndi kunena kuti tidalakwa.

Tipemphere. Atate wa kumwamba, Inu muli ndi mphamvu zonse, komabe mwatichitira ife mofatsa kuyambira ubwana wathu. Gwirani ukali wathu ndi kuupatsa njira. Tipatseni kulimba mtima kuti tiimire ozunzika, ndi kudzigwira kuti tisakhale ife ozunza. Tonthozani amene akulirabe abale awo otengedwa ndi madzi, ndipo mudalitse nyumba zathu ndi mtendere. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.